Mapapo a ba Lazarous

Aliyense wodutsa mumsewu waukulu wa m'mbali mwa Kalingalinga amaona mageti ndi mafelemu a zitseko atatsamira pamitengo, kudikira ogula. Ambiri mwa mageti amene anatsamira pamenepo m'zaka zapitazi anatuluka m'manja mwa ba Lazarous Ngosa, bambo wamtali, wosalankhulalankhula, wa zipsera za moto m'mikono monse.

Ba Lazarous anabadwira ku Mufulira, m'nyumba za anthu a kumgodi. Bambo awo ankalowa pansi, koma iwo anapeza ntchito kumtunda, m'shedi yokonzera makina, ndipo kumeneko n'kumene anaphunzira kuwotcherera zitsulo. Fodya nayenso anamuphunzirira komweko. Ntchito za kumigodi zitayamba kutha, dzina lawo linatuluka pakati pa ochotsedwa. Anadikira kwa kanthawi poganiza kuti zinthu zisintha, koma sizinasinthe. Pamenepo anatenga mkazi wawo, ba Ida, ana awo awiri, ndi makina akale owotcherera, n'kukwera basi ya ku Lusaka.

Ku Kalingalinga anapeza nyumba ya zipinda ziwiri ndi kamalo m'mbali mwa msewu. Ba Ida anayamba kugulitsa zovala zakale za salaula kumsika wa ku Mtendere. Ana anakula n'kuchoka: Mwape, mwana woyamba, anapita kukayendetsa malole ku Solwezi, ndipo Luse anakwatiwa ku Chilenje. Pakhomo panatsala anthu awiri oitanana monga amachitira kwawo, bashi Mwape ndi bana Mwape, kutanthauza bambo ake ndi mayi ake a Mwape.

Ntchito ya ba Lazarous inali yodziwika. Geti lawo silinkapendama ngakhale mvula itagwa zaka zingati. Koma thupi lawo sankalisamala. Chotchinga kumaso chitasweka ankangogwira kagalasi kakuda kutsogolo kwa maso, utsi wa zitsulo ukulowa m'mphuno. Penti ankapopera opanda chomanga kukamwa. Akapuma pang'ono, ndudu inali pamlomo. Ba Ida akawadandaula, iwo ankangoyankha kuti munthu wa ku Mufulira anakula akupuma utsi woposa umenewo.

Chifuwa chinayamba m'nyengo yozizira, fumbi litadzaza m'komboni. Poyamba anati ndi chimfine. Kutayamba kutentha chifuwa chinali chikadalipo, ndipo lamba wa buluku anafunika bowo latsopano. Ku kiliniki anawayeza makhololo, anawajambula pachifuwa, ndipo pachithunzipo panaoneka mthunzi kumanja. Anawapatsa mankhwala a chifuwa chachikulu, poti matenda amenewo ndiwo ofala m'makomboni. Anamwa mokhulupirika kwa miyezi, mkodzo unafiira monga anawachenjezera, koma kutsokomola sikunaleke. Tsiku lina akudula chitsulo anatsokomola n'kulavula magazi padothi, pafupi ndi phazi la Kabwe, mnzawo wowotcherera wa pamalo oyandikana nawo. Kabwe anayang'ana pansi, anayang'ana ba Lazarous, n'kuzimitsa makina ake. Mawa lake ba Ida sanapite kumsika.

Kuchokera pamenepo moyo wawo unasanduka wa pamabenchi. Kiliniki inawatumiza ku chipatala chachikulu, chipatala chachikulu chinawatumiza kuchipinda china, chipinda chimenecho chinati abwerenso. Anawalowetsa kapaipi pakhosi n'kutenga kanyama kakang'ono m'papo. Zotsatira zinachedwa, ndipo zitabwera dzina la matendawo linali khansa. Ba Ida analira m'minibasi pobwerera, chamumtima, nkhope atalozetsa pawindo. Ba Lazarous sanalire. Anali atatopa kale, ndipo dzinalo linangokhala ngati katundu wina woonjezera.

Ku chipatala cha odwala khansa anawauza kuti asanayambe mankhwala aliwonse ayenera kulowa m'makina a sikani, ojambula m'kati mwa thupi. Ndi pamzere wa makina amenewo pomwe anakumana ndi Moven.

Moven anali mwamuna wa zaka za m'ma makumi anayi, wobadwira m'komboni ya George n'kukulira komweko. Anayamba ndi kuitanira anthu pasiteshoni, kenako anakhala kondakitala, pomaliza dalaivala wa minibasi ya ku Lilanda. Anali wowonda kwambiri, ndipo ankakhala chopendekera chifukwa msana unkamupweteka, koma pakamwa pake sipankatseka.

"Ba mudala, sendelani kuno, kuli kamphepo," anatero atangowaona. "Imwe ni chani? Mapapu?"

"Mapapu," anayankha ba Lazarous.

"Na ine ni mapapu. Musavutike na kuyang'ana chitseko, pano ni monga pa siteshoni. Basi sinyamuka ngati siinazule na anthu."

Ba Lazarous sankakonda anthu olongolola, koma mzere unali wautali ndipo kunalibe kothawira. Pofika masana anali atadziwa kuti Moven sanakwatirepo mwalamulo, kuti amakhala ndi mlongo wake Sophie, kuti kutchalitchi anasiya ali mnyamata, ndiponso kuti nayenso anamwa mankhwala a chifuwa chachikulu kwa nthawi yaitali asanamutumize kuno. Nkhani yawo inali imodzi, kungosiyana komboni.

Dzina lawo litaitanidwa, ba Lazarous analowa m'chipinda chozizira kwambiri. Anawagoneka pa kabedi kopapatiza, manja atakweza kumutu, n'kuwabaya jakisoni yemwe anatenthetsa thupi lonse mpaka kumapazi. Kabedi kanayenda kokha kulowa m'chibowo cha makina. Mawu anatuluka penapake kuwauza kuti akoke mpweya n'kuugwira. Anayesa, koma chifuwa chinawatsamwitsa, ndipo anatsokomola mpaka misozi. Mayi wojambulayo anatuluka kuseri kwa galasi, anawapatsa nthawi yopuma, n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri zinatheka. Atatuluka, Moven anawafunsa ngati makinawo amaluma. Iwo anati ayi, kungozizira chabe.

Anabwerera patapita masabata angapo kudzamva zotsatira, ndipo anapezanso Moven pabenchi, wowonderatu kuposa kale. Woyamba kulowa anali ba Lazarous ndi ba Ida.

Dokotala anali mayi wachitsikana, dzina lake Chansa, wa maso otopa ngati a odwala ake. Anatembenuza kompyuta kuti onse aone. Pagalasipo panali zithunzi zotuwa zotsatizana, chifuwa cha ba Lazarous chitadulidwadulidwa ngati buledi. Dokotalayo anayendetsa chala mpaka pa chinthu choyera, chachikulu ngati ndimu, chokhala m'papo la kumanja.

"Ichi ndiye chotupa, ba Ngosa," anatero. "Manje onani kuno. Chiwindi chili bwino. Mafupa yali bwino. Sichinayende patali, chafika chabe mu tumwanabele utu twa pafupi."

Kenako anafotokoza chinthu china. Anati madokotala ena pachipatalapo akuyesa njira yatsopano yowerengera zithunzi zotere, ndipo ba Lazarous anakumbukira kuti tsiku la sikani anawafunsadi ngati alola kuti zithunzi zawo zigwiritsidwe ntchito, iwo n'kuvomera osamvetsa kwenikweni. Dokotalayo anati kompyuta imayang'ana zinthu zimene diso la munthu silingathe kuwerenga bwino: mmene m'mphepete mwa chotupa mulili, kaya mosalala kaya mwa minga, ndi mmene mkati mwake mwapangikira, kaya mofanana kaya mwa mawangamawanga. Ikatero imayerekezera ndi zithunzi za anthu ambirimbiri amene analandira kale mankhwala, amene zikudziwika kuti zinawathera bwanji.

"Chanu chilingana na va anthu bamene mankhwala yanabagwira bwino," anatero dokotala Chansa.

Ba Ida anagwira mkono wa mwamuna wawo. Ba Lazarous anayang'anabe chinthu choyeracho.

"Ba dokota, ndiye kuti nizapola?"

"Sininganene kuti muzapola. Ninganene kuti pali mwayi waukulu kuti chotupa chizachepa. Si ulosi uyu, ni kulinganiza chabe. Koma nikanakhala imwe, nikanayamba mankhwala."

Anatuluka n'kukhalanso pabenchi, chifukwa ba Lazarous anafuna kupuma asanayende. Moven analowa ndi mlongo wake. Anakhalitsa m'katimo. Potuluka Sophie anali atatseka kukamwa ndi chitenje, ndipo anapitirira osaima mpaka panja. Moven anabwera pang'onopang'ono n'kudzigwetsa pabenchi. Anaseka, koma kusekako kunathera m'chifuwa.

"Ine kompyuta yanikana, ba mudala," anatero. "Ati chafika mu chiwindi, chafika na mu msana. Ati changa chilingana na vija vosamvera mankhwala. Bazaniwotcha pa msana kuti kubaba kuchepe, na mapilisi bazanipasa. Dripi ati ningayese nikafuna, koma banikambila zoona kuti ingangonilemesa. Nanga imwe yakuuzani chani?"

Ba Lazarous anayang'ana nsapato zawo. Anafuna kunama, koma ba Ida anali pomwepo, nkhope yawo ikuoneka kuti yamva zabwino.

"Bati mankhwala yangagwire," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye vabwino ivo!" anatero Moven, akuwamenya paphewa ndi dzanja lopepuka ngati la mwana. "Pa anthu babili, umozi apite. Mukwinyilanji nkhope?"

Mankhwala anayamba. Tsiku la dripi ba Lazarous ankakhala pampando waukulu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, madzi akudontha kulowa m'mkono. Tsiku lotsatira ndi limene linali loipa. Ankasanza mpaka m'mimba kutsala kuwawa kokha. Chakudya chilichonse chinkamveka ngati akutafuna msomali. Tsitsi linatsalira papilo, zala zinachita dzanzi, ndipo ulendo wa kuchimbudzi kuseri kwa nyumba unasanduka wautali wofuna kupumira panjira. Akangoyamba kumva bwino, tsiku la dripi lina linali litakwana. Pakati pake panalinso masiku owotcha chotupa ndi makina ena, a kuwala kosaoneka, ndipo makinawo anasiya pakhosi pawo pali zilonda moti ngakhale phala linkadutsa movutikira. Nthawi zina ankafika n'kupeza magazi awo achepa, n'kuwabweza kuti akadye kaye. Nthawi zina makina ankakhala atawonongeka. Ulendo wonse wa m'minibasi, ndi kukankhana kwake, unkapita pachabe.

Geti limene analisiya theka analimaliza Kabwe. Ba Ida ankatseka malo awo kumsika tsiku lililonse la chipatala, ndipo makasitomala anayamba kuzolowera kugula kwa ena. Iwonso anawonda. Ankachapa mabeseni, ankaphika zakudya zimene zinkabwerera zosakhudzidwa, ndipo madzi akavuta pampopi ankapita kukatunga kutali asanayambe china chilichonse. Sankadandaula, koma ba Lazarous ankawamva akuusa moyo akamakhala pansi.

Chimene chinawalemera koposa sichinali mankhwala. Ba Ida anali atauza Luse mawu a dokotala, Luse anauza Mwape pafoni, ndipo nkhani inafika kutchalitchi ndi kumsewu itakula. Anthu ankati makina a kuchipatala anena kuti ba Ngosa achira. Amayi a m'chigawo cha tchalitchi akabwera kudzapemphera, ankathokoza Mulungu ngati zatha kale. Mwape akaimba foni ankati, "Ba tata, limbani chabe, makina yanakamba kale." Palibe amene ankafunsa ngati atopa. Munthu amene makina amusankha sankayenera kutopa. Akati anene kuti thupi lakana, ankawayankha kuti ena sanapatsidwe n'komwe mwayi umenewo, ndipo iwo ankadziwa kuti ndi zoona, chifukwa wina wa anthu amenewo ankamudziwa dzina.

Moven ankabwerabe kuchipatala kudzatenga mankhwala ochepetsa ululu, ndipo akapeza ba Lazarous ali pa dripi ankakhala pambali pawo n'kumawafotokozera za apolisi a pamsewu ndi za makondakitala akuba. Anayesa zambiri. Sophie anamutengera kwa m'busa wina wa ku George yemwe anamudzoza mafuta n'kumuuza kuti chithunzi cha makina sichingapose mawu a Mulungu. Anamwa mizu yochokera kwa mayi wina wa ku Chaisa. Kenako anabwerera kwa dokotala Chansa n'kuumirira kuti amuike dripi. Anamuika, ndipo inamugwetsa pansi moti anamugoneka m'chipatala. Atatuluka sanaipemphenso. Patapita nthawi anasiya kubwera, ndipo mankhwala ankadzamutengera ndi Sophie.

Mankhwala atafika pakati, ba Lazarous anadzuka m'mawa wina n'kuuza mkazi wawo kuti sapitanso.

"Bana Mwape, nalema," anatero. "Lekani chabe vichitike."

Ba Ida anali akusesa. Anaima, tsache lili m'manja.

"Bashi Mwape, na ine nalema. Koma nizabauza chani bana?"

Ba Lazarous anatembenukira kukhoma. Tsiku la dripi linafika n'kudutsa iwo ali gone. Namwino anaimba foni, ba Ida anati odwala afooka, abwera sabata yamawa. M'nyumba munalowa chete woipa, wa anthu awiri olambalalana m'zipinda ziwiri.

M'masiku amenewo mphamvu zinabwerera pang'ono, poti thupi linapuma ku mankhwala, ndipo ba Lazarous anaganiza zokaona Moven. Sanafune kuperekezedwa. Anakwera minibasi mpaka m'tauni, anapuma pakhonde la sitolo, n'kukwera ina ya ku Lilanda. Atatchula dzina la Moven, kondakitala anawatsitsa pamalo oyenera n'kuwalozera njira ya pakati pa nyumba.

Anamupeza atagona pa matiresi pafupi ndi khomo, pomwe pankalowa kamphepo. Miyendo inali itasiya kugwira ntchito. Maso anali achikasu, ndipo nkhope inatsala mafupa ndi mano. Sophie anawapatsa mpando n'kutuluka kukachapa.

"Ba mudala, mwabwela na mutu wopanda sisi monga khanda," anatero Moven. Mawu anali ochepa koma nthabwala inalimo. "Dripi iyenda bwanji?"

"Naleka."

Moven anawayang'anitsitsa. Kunja ana ankathamangitsa tayala, ndipo wailesi ya nyumba yoyandikana inkaimba nyimbo za kutchalitchi.

"Mwaleka," anabwereza Moven. "Chabwino. Ndiye tichite so. Nipaseni chithunzi chanu, ine nikupaseni changa. Nizapita nacho kuli ba dokota, nizakamba kuti ndine Ngosa. Imwe mugone apa."

"Ba Moven, simuziba mwamene vibabila."

"Niziba. Nayesa, vanigwesa. Koma ine vinanigwesa pachabe. Imwe vikugwesani pali chifukwa." Anatsokomola, ndipo ba Lazarous anamugwirira kapu ya madzi. Atapeza mpweya anapitiriza, koma ukali unali utatha. "Sinikukakamizani. Thupi ni yanu. Koma musabwele kuno kuzaniuza ine kuti mwalema. Kauzeni benangu."

Anakhala limodzi mpaka dzuwa litayamba kutsika. Moven anagona tulo, ndipo ba Lazarous anatsanzika kwa Sophie.

Sanabwerere ku mankhwala chifukwa cha kulimba mtima. Kulimba mtima analibe. Anabwerera chifukwa cha manyazi, ndiponso chifukwa m'mawa wa tsiku la dripi anapeza ba Ida atasita kale malaya n'kuwaika pampando. Anavala, anatuluka, ndipo anakakhala pampando waukulu uja n'kupereka mkono.

Mankhwala atatha anawalowetsanso m'makina a sikani. Dokotala Chansa anaika zithunzi ziwiri pambali ndi pambali, chakale ndi chatsopano. Ngakhale ba Ida anaona kusiyana kwake asanawalozere. Chinthu chachikulu chija chinali chitafota, chatsala chaching'ono, chokwinyika.

"Chachepa maningi," anatero dokotalayo, ndipo kanali koyamba ba Lazarous kumuona akumwetulira. "Sichinasile, koma chachepa. Vayenda mwamene tinaganizila."

Ba Ida anakweza manja kuthokoza Mulungu. Ba Lazarous anafufuza chimwemwe mumtima mwawo n'kupezamo tulo tokha. Panali funso limene anali atalisunga kuyambira ulendo wa ku George.

"Ba dokota, iyi kompyuta yanu siilakwa?"

"Ilakwa," anayankha iye mosazengereza. "Inaphunzila pa vithunzi va anthu ba kutali, ba mayiko yenangu, osati ise. Ndiye chifukwa sitiisiya yeka. Tiyang'ana na ise, tiyang'ana na magazi, na mphamvu za munthu."

"Nanga uja mnzanga wa ku George? Mukanamupasa vonse monga ine?"

Dokotala Chansa anatseka zithunzi zija. Anati za wodwala wina sangakambe nawo. Kenako anaonjeza kuti pali anthu amene matenda amafika nawo atayenda kale thupi lonse, ndipo pamenepo safunika kompyuta kuti aone. Chimene chimamupweteka iye, anatero, n'chakuti ambiri amafika mochedwa chotero. Anawauza kuti azibwera pakapita miyezi ingapo kudzajambulitsa, chifukwa matenda amenewa amabwerera mwa anthu ambiri. Za fodya, utsi wa zitsulo ndi penti anati aiwale.

Moven anamwalira mvula itayamba. Sophie anaimba foni m'mawa, ba Ida n'kulandira. Anapita onse awiri. Njira za ku George zinali matope okhaokha, ndipo ba Lazarous anayenda atagwira phewa la mkazi wawo, akupuma mwabefu. Anakhala ndi amuna anzawo panja pansi pa tenti yodontha. Palibe amene ankawadziwa, ndipo wina atawafunsa ngati ali achibale anangoti ndi mnzake wa kuchipatala. Tsiku loika maliro madalaivala anabwera ndi maminibasi awo, anandandalika mumsewu, kenako anayenda akuliza mahutala njira yonse ya kumanda. Makondakitala anali atalendewera pazitseko akuimba. Kumanda ba Lazarous sanathe kuima nthawi yaitali. Anakhala pa muzu wa mtengo patali pang'ono, akumva mafosholo.

Pobwerera ba Ida anati, "Mulungu anatikonda ise, bashi Mwape." Iwo sanatsutse, koma sanavomerenso. Ankaganiza za amuna awiri pabenchi imodzi, a chifuwa chimodzi, amene analowa m'chibowo chimodzi cha makina n'kutuluka ndi njira ziwiri. Sanapeze chimene anachita iwo kuti ayenere njira yawoyo. Fodya anasuta wambiri kuposa Moven.

Tsitsi linamera, lotuwa ndi lofewa. Chakudya chinayambanso kukoma, ngakhale sichinafike pakale. Koma mikono sinabwerere. Anayesa tsiku lina kunyamula chitsulo cha felemu, n'kuchisiya chisanafike m'mawondo. Makina awo akale owotcherera anawapereka kwa Kabwe, ndipo anagwirizana kuti ba Lazarous azikhala pamalopo kulandira makasitomala, kuyeza ndi tepi, ndi kujambula geti papepala. Anawaikira mpando wapulasitiki kumbali kumene mphepo imachokera, kuti utsi uziwapitirira. Makasitomala akale ankawapatsa moni mwachisangalalo n'kumati amva kuti anachira. Iwo ankangoti ali bwinoko. Kufotokoza kuti chotupa chochepa si chotupa chochoka kunali ntchito yaikulu, ndipo anali atasiya kuyesa.

Tsiku la sikani likayandikira, njala inkathawa. Ba Ida ankadziwa, ndipo ankaphika zochepa osafunsa. Ulendo woyamba chithunzi chinaoneka chimodzimodzi. Wachiwirinso chimodzimodzi. Ulendo wotsatira, dzinja litatha ndipo fumbi litabwerera, ba Lazarous anapita okha, poti ba Ida anali atayambiranso kupeza makasitomala ndipo iwo sanafune kuti atsekenso.

Dokotala Chansa anayang'ana pagalasi nthawi yaitali kuposa masiku onse. Chotupa chakale chinali chete. Koma m'papo la kumanzere munali kadontho kamene kale kunalibe, kakang'ono ngati njere ya mpunga.

"Kangakhale kachipsera ka chifuwa, kangakhale kenangu," anatero. "Kachepa maningi, sitingakatenge na kukapima."

"Nanga kompyuta ikamba chani?"

"Pa kanthu kang'ono so siingakambe. Tizajambula futi pakapita miyezi, tione ngati kakula."

Ba Lazarous anagwedeza mutu. Sanachite mantha monga ankayembekezera. Anangoona kutsogolo kwawo mabenchi ena, maminibasi ena, ndi miyezi ina yodikira. Anathokoza dokotala, anavala chipewa, n'kutuluka.

Sanapite kunyumba. Anatsikira ku Mtendere n'kuyenda pang'onopang'ono pakati pa matebulo a msika mpaka pamalo a ba Ida. Anawapeza akupinda masiketi, akukangana mtengo ndi mayi wina. Anadikira mpaka mayiyo atachoka, kenako anawauza zonse monga anazimvera, osachepetsa kapena kukuza. Ba Ida anamvetsera siketi ili m'manja. Anaipinda, anaiika pamwamba pa zinzake, n'kukhala pansi pa mtolo wa zovala.

"Bana tibauze?" anafunsa.

"Osati manje. Tiyembekeze bajambule futi."

Ba Ida anavomera ndi mutu. Anasendera kuti mwamuna wawo apeze malo pamtolopo, n'kutuma mayi wa tebulo loyandikana kuti awaitanire wogulitsa maheu. Ba Lazarous anakhala, anatsamira mzati wa shedi, n'kutambasula miyendo. Msika unkasokosera mbali zonse, mawilibala akudutsa, wina akuitanira tomato. Maheu asanafike iwo anali atagona kale, chipewa chitatsikira kumaso, ndipo ba Ida anapitiriza kupinda zovala mwakachetechete kuti asawadzutse.